Zilembo Zikamathawa Pafupi

Anzathu alimi, m'kalasi mwathu mumachitika chinthu china chimene tonse tachiona, koma sitichikamba. Pali amayi ena achikulire amene sajomba. Aphunzitsi akalemba pa bolodi, iwo ndiwo amayamba kuwerenga: mu-nda, kha-su, mbe-wu. Koma akawapatsa buku m'manja, mawu omwewo amawakanika. Bukulo amalisendeza kutali mpaka mkono wonse kuwongoka. Amapendeketsa mutu, amapukuta m'maso ndi nsalu, koma zilembo zili mbuu. Potsiriza amati, "Aphunzitsi, mutu wangawu ndi wouma. Sukulu ndi ya ana." Sabata yotsatira sitiwaonanso.

Mutu wa amayiwa si wouma ayi. Munthu amene wawerenga "munda" pa bolodi, ndiye kuti mawuwo amawadziwa. Chimene chawavuta ndi maso. Maso awo aona bwino zakutali, koma zapafupi aziona mwachimbuuzi. Tsono ena amati maso otere afunika masewero owalimbitsa, monga muja tilimbitsira miyendo ndi mikono. Kodi zimenezi ndi zoona? Tiyeni tione bwino, pakuti nkhaniyi ikhudza aliyense wa ife amene wapitirira zaka 40, ndi aliyense amene adzafikapo.

Vutoli si lachilendo

Tonse tikumbukira agogo akuitana mdzukulu: "Iwe, tabwera undilowetsere ulusi m'singanomu." Tikumbukira atate athu akulephera kuzula munga kuphazi, kapena kuchotsa thekenya kuchala. Amayi amene kale ankasankha nyemba m'lichero osasiya kamwala ngakhale kamodzi, anayamba kusiya timiyala, ife n'kumaluma mwala m'ndiwo. Sitinati ndi matenda. Tinangoti ndi kukula basi.

Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1975, anthu 9 mwa anthu 10 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ntchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu m'dziko lonse inayamba mu 1978. Munthu wosawerenga alibe nako ntchito kadontho ka pamwamba pa "i". Koma akangogwira buku, vuto limene linabisala lija limaonekera poyera.

Ndipo ife alimi tili ndi zambiri zoti tiwerenge pafupi. Pa thumba la feteleza pali manambala: 12-24-12 ndi wokulitsa, 46 ndi ureya wobereketsa. Pa botolo la mankhwala ophera tizilombo, muyeso amaulemba ndi tizilembo tating'ono zedi, pamodzi ndi masiku oyenera kudikira tisanathyole ndiwo. Tikapita kukagulitsa mbatatesi kapena soya, wogula amalemba kulemera kwa thumba pakapepala. Kwa munthu wosaona bwino pafupi, 3 ndi 8 zifanana. Thumba la makilogalamu 38 likalembedwa 33, makilogalamu 5 apita ife tikuyang'ana. Palinso buku la koperativa, ndi uthenga wa ndalama pa foni. Nayo mbozi ya m'chimanga ija inafika kuno mu 2017 imachokera m'timazira ta pamasamba. Amene saona pafupi amaizindikira itadya kale mtima wa chimanga.

M'diso muli chiyani?

Tiyeni tiyese chinthu ichi tonse. Titsinzine diso limodzi. Tiimike chala patsogolo pa nkhope, mtunda wa zikhato ziwiri, ndipo tichiyang'ane. Mtengo umene uli kuseri uoneka mwachimbuuzi. Tsopano tiyang'ane mtengowo. Mtengo waoneka bwino, chala ndicho chasanduka chimbuuzi. Diso silitha kuona zonse ziwiri nthawi imodzi. Liyenera kusintha kanthu kena m'kati mwake. Achinyamata aona kuti kusinthako kuchitika msangamsanga. Ena a ife akuluakulu tapeza kuti chala chikukana kuoneka bwino ngakhale tichiyang'anitsitse. Imeneyo ndiyo nkhani yathu.

Pakati pa diso pali kabowo kakuda kamene timati mwana wa diso. Kuwala kumalowera pamenepo. Kuseri kwa kabowoko kuli kagalasi, koyera ngati dontho la madzi a pachitsime, kukula kwake ngati njere ya chimanga. Kagalasika kamathandiza kusonkhanitsa kuwala kuti chithunzi chigwere bwino pakhoma la kumbuyo kwa diso. Kamnofu kena kakazungulira ngati mphete. Tikayang'ana kutali, kamnofuko kamapumula ndipo kagalasi kamakhala kophwathalala. Tikayang'ana pafupi, kamnofu kamadzikoka, kagalasi n'kufufuma, ndipo zapafupi zimaoneka bwino. Zonsezi zimachitika zokha, ife osadziwa.

Kagalasi ka mwana ndi kofewa ngati chimanga chachiwisi, chija tikachitsina ndi chikhadabo chimatuluka mkaka. Koma kagalasika sikaleka kukula. Chaka ndi chaka kamawonjezera zigawo kunja kwake monga achitira anyezi, ndipo zam'kati zimapanikizika ndi kuuma. Pofika zaka 40 kapena 45 kayamba kukhwima. Pofika zaka 60 kauma gwaa ngati chimanga cha m'nkhokwe, ndipo sikathanso kufufuma.

Ndi chifukwa chake buku limanka lithawira kutali. Mwana wa zaka 10 atha kuwerenga buku lili pafupi ndi mphuno, masentimita 10 okha. Munthu wa zaka 50 afuna likhale pafupifupi theka la mita. Wa zaka 60 afuna mita yathunthu, ndipo palibe munthu ali ndi mkono wautali chotero. Izi zimagwera aliyense: mwamuna ndi mkazi, wolemera ndi wosauka, wophunzira ndi wosaphunzira. Si ufiti, ndipo si buku limene lawononga maso.

Pali mtundu wina wa vuto lomweli umene munthu amabadwa nawo. Diso lake limakhala lalifupi pang'ono kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Kamnofu kake kayenera kudzikoka ngakhale poyang'ana kutali, ndipo poyang'ana pafupi kamagwira ntchito yowirikiza. Ali wamng'ono amatha kupirira, koma amadandaula mutu akawerenga, maso amamtentha, ndipo zilembo zimayamba kumthawa msanga, mwina asanakwane zaka 35. Ana ena otere diso limodzi limakhotera kumphuno ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Mwana wotere apite kuchipatala akadali wamng'ono. Tikadikira, diso lokhotalo limazolowera kusaona, ndipo akapitirira zaka 7 kapena 8 kulikonza kumavuta.

Nanga masewero a maso?

Mu 1920 dokotala wina wa maso wa ku New York, dzina lake William Bates, anatulutsa buku lonena kuti munthu angathe kutaya magalasi ngati achita masewero a maso. Anati anthu aziphimba maso ndi zikhato, azigwedeza thupi uku ndi uku, aziyendetsa maso, ndiponso aziwalozetsa kudzuwa. Iye ankakhulupirira kuti diso limaona pafupi chifukwa cha minofu yakunja imene imalifinya, osati chifukwa cha kagalasi kaja. Apa ndi pamene analakwa. Komabe maganizo ake anafalikira m'maiko ambiri, ndipo mpaka lero alipo amene amawaphunzitsa, ena m'timabuku, ena pa mafoni. Madokotala a maso akhala akuyesa njira zimenezi ndipo sanapeze kuti zimachiza kusaona pafupi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Masewero amalimbitsa mnofu. Koma m'diso la munthu wa zaka 50, chimene chalephera si mnofu. Kamnofu kaja kamadzikokabe mpaka ukalamba. Chimene chasintha ndi kagalasi, kamene kauma. Mlimi wa zala zamphamvu zedi sangafinye mkaka m'chimanga chouma, ngakhale atachita masewero a zala chaka chathunthu. Chimodzimodzi diso lobadwa lalifupi: kulizungulitsa m'mawa ndi madzulo sikungalitalikitse.

Wina anena kuti, "Chimanga chouma timachiviika, chimafewa." Zoona, mphale timaiviika mumtsuko. Koma kagalasi kali m'kati mwenimweni mwa diso, ndipo palibe madzi kapena mankhwala amene amakafewetsa. Tisadonthezere m'maso madzi a masamba, mkodzo, mandimu kapena mkaka wa m'mawere. Zimenezi zimatentha diso ndi kulowetsa tizilombo, ndipo zachititsa anthu khungu.

Nanga aja amachitira umboni kuti masewero anawathandiza, kodi akunama? Ayi, ambiri sakunama. Munthu akamayang'ana zilembo zachimbuuzi masiku ambiri, amaphunzira kuzizindikira ndi maonekedwe ake, monga tizindikirira mnzathu ali patali ndi mayendedwe ake. Ife amene taphunzira kuwerenga posachedwa, izi zimatichitikira kwambiri: mwezi uno mawu akuti "chimanga" tiwazindikira msanga kuposa mwezi watha. Chimene chachenjera ndi mutu. Diso lili momwe linalili, ndipo tsiku limene tidzakumana ndi nambala yachilendo pa botolo la mankhwala, kuganizira sikudzatithandiza.

Tisataye zonse pamodzi. Masewero ena ndi abwino, malinga tidziwe ntchito yake: ndi yopumitsa maso, osati yowachiza. Tikamawerenga, kusoka kapena kusankha fodya, pakatha mphindi 20 zilizonse tikweze mutu. Tiyang'ane chinthu chimene chili kutali, mamita 6 kapena kupitirira, kaya ndi nkhokwe, kaya ndi phiri, ndipo tiwerenge kuyambira 1 mpaka 20. Kamnofu kaja kapumulako, monga msana upumulira tikaongoka pakati pa mzere. Tiziphethiranso kawirikawiri. Munthu akayang'anitsitsa chinthu amaiwala kuphethira, ndipo maso amauma ndi kuyabwa ngati mwalowa mchenga. Kutsinzina ndi kuphimba maso ndi zikhato kwa kanthawi kulibe choipa, koma tisamakanikize diso, ndipo manja akhale osamba. Manja amene agwira tsabola, fodya kapena mankhwala a m'munda asayandikire kumaso.

Pali sewero lina loyandikiza pensulo kumphuno pang'ono ndi pang'ono maso onse awiri akuiyang'ana. Ili a chipatala amalipereka kwa anthu amene maso awo awiri salunjika pamodzi poyang'ana pafupi, kotero kuti zilembo zimaoneka ziwiriziwiri. Limenelo ndi vuto lina. Kagalasi kouma silikafewetsa.

Koma chimodzi tichikanitsitse: kuyang'ana dzuwa. Tinaonapo ana akuyatsa udzu wouma ndi galasi lokulitsa zinthu. Diso limachita chimodzimodzi. Limasonkhanitsa dzuwa pamalo amodzi pakhoma la kumbuyo lija, pamalo penipeni pamene tiwerengera. Sipamveka kupweteka nthawi yomweyo, koma chipsera chake chitha kukhala mpaka kalekale.

Kuwala ndi kakatoni koboola

Ambiri a ife taona kuti masana pakhonde zilembo zimaonekako, koma madzulo pa koloboyi zimasoweratu. Izi zili ndi chifukwa chake. Pakawala kwambiri, mwana wa diso amachepa, ndipo kuwala kolowera pakabowo kakang'ono kumapanga chithunzi chomveka bwino ngakhale kagalasi kali kouma. Mumdima mwana wa diso amakula, chimbuuzi n'kuchuluka. Tsono tiziwerenga masana, kuwala kukuchokera kumbuyo kwa phewa ndi kugwera pa pepala. Ngati pali nyali ya sola kapena tochi, tiilozetse pa buku, osati kumaso. Nayo kalasi ikambirane za nthawi yake. Kalasi yoyamba dzuwa litapendeka kwambiri, m'nyumba ya mazenera ang'onoang'ono, imapitikitsa akuluakulu popanda wowathamangitsa.

Titha kuyesa zimenezi ndi kanthu kosagula. Titenge kachidutswa ka katoni yopyapyala, monga ya bokosi la machesi. Tikaike pansi, tikaboole kabowo kamodzi ndi singano kapena munga. Singanoyo tiisunge kaye, kenaka tiike kakatoniko pafupi ndi diso limodzi, linalo titatsinzina, ndipo tisuzumire zilembo pamalo owala. Ambiri adzadabwa: zilembo zimene zinathawa zija zabwerera! Ngati zatero, ndi chizindikiro chabwino chakuti magalasi adzathandiza. Kakatoniko si kowerengera masiku onse, chifukwa kamaonetsa malo ochepa ndiponso kamadetsa. Ntchito yake ndi kutiuza kuti vuto lili m'diso, osati m'mutu.

Za chakudya tinene pang'ono. Mbatata yofiira m'kati, mapapaya, mango, maungu ndi ndiwo zamasamba obiriwira zili ndi vitamini A, amene amateteza maso a ana ndi kuletsa kusaona kwa usiku. Tizibzala ndi kudya. Koma nazonso sizibweza kagalasi kouma.

Magalasi owerengera

Chimene chimabweza zilembo ndi magalasi, aja akuluakulu amati mandala. Ntchito imene kagalasi ka m'diso kalephera, yofufuma ija, amaigwirira kunja. Si chinthu chatsopano: anayamba kuwapanga ku Italy zaka zoposa 700 zapitazo, ndipo oyambawo anali a vuto lomweli.

Magalasi owerengera ali ndi nambala, yolembedwa pa mwendo wake kapena pakapepala komata. Wa zaka 40 mpaka 45 kawirikawiri amayamba ndi +1.00. Wa zaka 50 amafuna +1.50 kapena +2.00. Wa zaka 60 amafuna +2.50, ena +3.00. Manambalawa ndi otitsogolera chabe, pakuti maso sali ofanana. Poyesa, titenge pepala la zilembo zimene timawerenga masiku onse. Tiligwire pa mtunda wochokera pachigongono kufika pankhonya, ndiwo masentimita pafupifupi 40. Tiyambe ndi nambala yaing'ono ndi kumakwera. Nambala yoyamba imene yaonetsa zilembo bwino, maso onse awiri ali otsegula, ndiyo yathu. Tisatengeke ndi aja amakulitsa kwambiri. Amakakamiza munthu kuika buku pamphuno ndipo amapweteketsa mutu. Chifukwa chomwecho, magalasi a bambo wa zaka 60 sangayenere mayi wa zaka 42.

Magalasi amenewa ndi a zapafupi zokha. Poyenda, pokwera njinga kapena poyang'ana pa bolodi, tiwavule kapena tiyang'anire pamwamba pake.

Timamva anthu akuti, "Magalasi amapha maso. Ukangoyamba, sulekanso." Tiyeni tiganize. Munthu wayamba ndi +1.00 ali ndi zaka 43. Pofika zaka 50 akufuna +2.00, ndiye akuti magalasi amuwononga. Koma mnzake amene sanavalepo, nayenso pa zaka 50 akufuna +2.00 yomweyo. Kagalasi kamauma ndi zaka, tivale kapena tisavale. Cha m'ma 60 kuumako kumafika pamapeto ndipo nambala sisinthanso kwenikweni. Enanso, makamaka amayi, amachita manyazi, ati anthu adzanena kuti akudziyesa akalaliki a ku boma. Ife tiona kuti manyazi amenewa ndi otsala a nthawi ija pamene buku ndi cholembera zinali za anthu ochepa. Palibe amene amaseka mnzake chifukwa wagula khasu.

Ndipo magalasi si a owerenga okha. Mu 2018 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ku Assam, m'dziko la India, pakati pa anthu 751 othyola tiyi, ntchito yonga ija ya ku Gurúè. Onse anali a zaka 40 kapena kupitirira. Theka anawapatsa magalasi a pafupi, theka linalo linadikira. Amene analandira magalasi ankathyola tiyi wochuluka ndi makilogalamu oposa 5 pa tsiku. Ndiye kuti pamene mnzawo wathyola madengu 5, iwo athyola 6. Manja anali omwewo, munda womwewo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2019 kuti anthu oposa 800 miliyoni ali ndi vuto losaona pafupi koma alibe magalasi oyenera. Sitili tokha. Kuno kwathu, sukulu yaukachenjede ya Lúrio ku Nampula inayamba mu 2009 kuphunzitsa anthu ntchito yopima maso ndi kulemba magalasi.

Magalasi a pamsika athandiza ngati maso onse awiri ali ofanana ndipo zakutali zioneka bwino. Koma pali nthawi zina pamene tiyenera kupita kuchipatala osazengereza: ngati zakutali nazonso zili mbuu, ngati diso limodzi liona mosiyana ndi linzake, ngati kakatoni koboola sikanathandize konse, ngati diso lafiira ndi kupweteka tsamba la chimanga litalikanda, kapena ngati munthu ali ndi matenda a shuga. Mwana wa diso akayamba kuyera ngati mkaka, imeneyo ndi ng'ala. Ng'ala ndi kagalasi komweko katachita mtambo, ndipo madokotala amakachotsa ndi kuikapo kena, munthu n'kuonanso. Nthawi zina agogo amene analeka kalekale kuona pafupi amayamba mwadzidzidzi kulowetsa okha ulusi m'singano. Banja limakondwa, ati maso abwerera. Kawirikawiri chimenecho ndi chiyambi cha ng'ala, ndipo ndi bwino kukapimitsa. Palinso matenda ena amene amadya maso mwakachetechete, osapweteka, kuyambira m'mbali. Ndi chifukwa chake munthu wopitirira zaka 40 akapeza mpata wopimitsa maso, asaukane, ngakhale ali kale ndi magalasi a pamsika.

Munthu mmodzi kupita kutauni chifukwa cha magalasi okha, ulendo umadula kuposa magalasiwo. Koma koperativa itha kuchita zimene munthu payekha sangathe. Pamsonkhano ukubwerawu tiwerenge kuti ndi angati mwa ife amene amasendeza buku kutali. Tikagulitsa mbewu, tipatuleko ndalama pang'ono zogulira magalasi anayi oyesera: +1.00, +1.50, +2.00 ndi +2.50. Akhale m'bokosi la mlembi, atakulungidwa m'kansalu kofewa kuti asakandike. Aliyense ayese, mlembi alembe nambala yake m'buku, ndipo amene apita kukagula feteleza akagulirenso onse nthawi imodzi. Podikira zimenezo, aphunzitsi alembe phunziro ndi zilembo zazikulu pa bolodi kapena pakatoni, ndipo akuluakulu akhale pafupi ndi khomo kapena zenera.

Amayi aja analeka kubwera, tikawayendere Loweruka lino. Titenge buku ili ndi kakatoni koboola, ndipo tikafike masana, dzuwa lisanapendeke.